MASOLA A PA DENGA LA GALIMOTO AGONEKEDWE ULENDO USANAYAMBE

Alimi ambiri a madimba ku Chipata, Katete ndi Petauke tsopano athirira ndiwo zao ndi mapampu oyendera mphamvu ya dzuwa. Pakuti mbala zacuruka, ena safuna kusiya masola ao kudimba usiku. Cotero awamangirira pa kaliyala wa pa denga la vaneti, napita nao m'mawa ndi kubwera nao madzulo, ndipo galimoto yomweyo ndiyo inyamulanso tomato ndi repu kupita nazo kumsika. Amisiri ena aika mahinjesi kuti sola izidzutsidwa mbali imodzi kuyang'ana dzuwa.

Kudzutsako kuli ndi phindu lake. Dziko la Zambia liri kum'mwera kwa Equator, ndipo m'miyezi ya June ndi July dzuwa la masana silifika paliwombo iai, koma liyenda ca kumpoto. Ku Chipata lipatuka pafupifupi madigiri 37. Sola yogona cagada pa nthawi imeneyo itaya ngati gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu ya masana, pamene madimba afuna madzi tsiku ndi tsiku. Koma kumapeto kwa October ndi kuciyambi kwa November dzuwa lidutsa pamutu penipeni, ndipo palibe cifukwa comasulira mabauti. Sola ikhale cigonere.

Bvuto lacikuru ndi mphepo ya paulendo. Anthu ambiri aganiza kuti liwiro la galimoto likawirikiza kawiri, mphepo nayo iwirikiza kawiri. Si tero. Mphamvu yake iwirikiza kanai. Sola ya muyeso wamba, yotalika mita imodzi ndi masentimita 70, ya m'lifupi mwake mita imodzi, ilemera ngati makilogalamu 20. Ikasiyidwa ciimire galimoto iri pa liwiro la makilomita 80 pa ora, mphepo iikankha ndi mphamvu yonga kulemera kwa thumba la cimanga la makilogalamu 50. Ndipo siikankha mofatsa: lole yaikuru ikadutsana ndi vaneti pa Great East Road, mphepo imenya mwadzidzidzi ngati nyundo. Sola yozuka pamenepo ndi galasi ndi citsulo zouluka, pa mseu umene m'mbali mwake muyenda ana a sukulu ndi anthu a njinga zonyamula makala.

Cifukwa cace malo a mahinjesi ndiyo nkhani yoyamba kukambirana ndi mmisiri woocherera zitsulo. Mahinjesi akhale kutsogolo, ku mbali ya dalaivala, kuti sola izidzuka cakumbuyo. Ikatero, ngakhale comangira cimasuke panjira, mphepo iitsindikira pansi. Mahinjesi akakhala kumbuyo mphepo ilowa kunsi, niitsegula monga citseko, niizula. Pofika kudimba mlimi angoimika galimoto kuyang'ana kumpoto, nadzutsa sola, ndipo iyang'ana dzuwa bwino lomwe. Nkwabwinonso kuika kacitsulo kopendekera kutsogolo kwa kaliyala kuti mphepo yokwera pa galasi la galimoto isalowe kunsi kwa sola. Mpata wa kunsiwo usatsekedwe mbali zonse, pakuti sola ikatentha kwambiri mphamvu yake icepa.

Mbali imene idzuka imangidwe pa ngodya zonse ziwiri, osati pakati pokha. Comangira coyenera ndi bauti yopyola m'citsulo ca kaliyala, yokhala ndi nati ya pulasitiki m'kati kapena washala wa sipuling'i, zimene sizimasuka msanga ndi kugwedezeka. Miyendo yocirikiza sola nayo ipindidwe ndi kumangidwa, isasiyidwe kulendewera.

Pano mpofunika kunena za malegeni. Palibe mudzi umene malegeni sagwira nchito. Amanga nkhuni pa njinga, amanga paipi yodontha, amanganso mbuzi yopita kumsika. Koma pa sola sayenera konse. Atamuka, ndipo sola iyamba kudumphadumpha. Dzuwa liwaotcha pang'onopang'ono kufikira aduka tsiku limene mwini sayembekeza. Cingwe cokulungidwa pamwamba pa galasi ndi coipanso. Galasi la sola liri ngati mamilimita 3 okha, ndipo kunsi kwake kuli tizidutswa topyapyala timene tipanga magetsi. Timeneti ticita ming'alu yosaoneka ndi maso tikapanikizika. Mlimi angoona kuti pampu yayamba ulesi, nanamizira wogulitsa, osadziwa kuti cingwe cake ndico cinaononga. Pa cifukwa comweci katundu wa kumsika asasanjikidwe pa sola ngakhale dengu limodzi.

Sola ibwera ndi zibowo zake kunsi kwa felemu, ndipo mabauti apite m'menemo. Kuboola kwina ndi ngozi, pakuti cobowolera cikangokhudza galasi lonse liphwanyika. Felemuyo ndi ya aluminiyamu pamene kaliyala ndi wa citsulo. Ziwirizi zikakhudzana pa cinyezi ca dzinja zidyana, cotero pakati pao paikidwe kampira kodulidwa ku cubu cakale. Apa ndipo mpira uli ndi nchito.

Miseu ya miyala ya kumidzi, imene icita timizere ngati malata, imasula manati koposa mseu wa tala. Sola ikangomangidwa kumene, dalaivala aime atayenda makilomita ocepa, nayese nati iri yonse ndi sipanala, ndipo azitero sabata iri yonse. Mawaya amangidwe ku kaliyala kuti asakhulike pa citsulo kapena kukodwa m'nthambi za mango, koma pa mahinjesi asiyidwe otayirira pang'ono kuti asaduke podzutsa sola.

Ngakhale zomangira zikhale zabwino cotani, munthu wotopa ndi nchito ya kudimba angathe kuliza galimoto ataiwala kuti sola iri ciimire, popeza ali m'kati saiona. Njira yapafupi ndi kumanga kansaru kofiira pa ciongolero nthawi iri yonse podzutsa sola, ndi kukamasula pokhapokha mabauti onse awiri atabwerera m'malo mwao. M'miyezi ya August ndi September, pamene akabvulumvulu abuka masana, sola igonekedwe ndi kumangidwa pampu ikangoleka nchito, ngakhale galimoto siipita kuli konse.