Chakumwa Chozizira cha Malalanje

Inu eni nyumba, musalole malalanje aolere pansi pa mtengo m'nyengo yachisanu, pamene ana anu atupa nkhama chifukwa chosowa zipatso.

Yambani mwawiritsa madzi, muwaleke azizire. Pakuti madzi a padambo osawiritsa abweretsa kamwazi. Finyani malalanje 6 ndi ndimu imodzi, musefe pa kansalu koyera, nimuthiremo makapu 3 a madziwo, ndi uchi kapena shuga pang'ono. Koma msuziwo musauphike ayi, popeza moto uononga vitamini C, ndiyo mphamvu yake yeniyeni.

Ngati mulibe madzi oundana, musadandaule. Thirani mumtsuko wadothi, muukulunge ndi chiguduli chonyowa, muuike pamthunzi pomwe pawomba mphepo. Mumwe tsiku lomwelo, ungasase.