Makina Osesera Kapinga Okokedwa ndi Kathirakitala

Makina awa alibe injini. Amakokedwa ndi kathirakitala kotchetchera udzu, ndipo mawilo ake akamagubuduka amazunguza maburashi kudzera m'magiya amene ali m'kati mwa mawilomo. Maburashiwo amaponyera masamba ndi udzu wotchetcha m'chithumba chakumbuyo. Odziwika kwambiri ndi a ku America, monga Agri-Fab ndi Brinly, ndipo ambiri amasesa mzere wa mainchi 42 kapena 44, kutanthauza kupitirira pang'ono mita imodzi. Ndi makina a pabwalo lalikulu. Ngati kapinga wanu ndi wapakhonde chabe, tsache ndi reki n'zokwanira, musataye ndalama.

Kumanga

Yalani zitsulo zonse pasimenti, muwerenge mabawuti ndi mawashala poyerekeza ndi kabuku kobwera m'katoni. Mabawuti ayambeni ndi dzanja, muwathinitse ndi sipanala pamapeto zonse zitakhala m'malo mwake. Tizitsulo tokunga chithumba timalowa mochita kupinda ndipo timatha kufwamphuka, choncho nkhope ikhale patali. Chitsulo chokokera chigone mowongoka, chisaloze kumwamba kapena pansi, ndipo phini yake itsekedwe nthawi zonse.

Kukweza ndi kutsitsa maburashi

Apa mpamene ambiri amaonongera makina. Anthu amaganiza kuti burashi ikamira kwambiri ndiye isesa bwino, koma si choncho. Nsonga zake zingolowa m'kapinga ngati sentimita imodzi, zisakhudze dothi. Mukatsitsa mopitirira, burashi imalemera, mawilo amaleka kugubuduka n'kuyamba kukhwekhwereza, ndipo kumbuyo kwanu mutsala mizere iwiri ya kapinga wosupuka. Mano a magiya amathera pomwepo. Mukakweza kwambiri, masamba amatsala pansi. Yambani ndi burashi ili m'mwamba, yendani mamita ochepa, tsikani mukaone, kenaka muzitsitsa pang'onopang'ono mpaka pansi payere. Mukatchetcha udzu kapena kusamukira mbali ina ya bwalo, yesaninso.

Kusesa

Yambani mwatola miyala, nthambi, mawaya ndi zingwe. Sesani mame atauma, chifukwa masamba onyowa amamatirira pansi ndi kulemeretsa chithumba. Liwiro likhale la munthu woyenda ndawala, makilomita 5 mpaka 8 pa ola. Mukachedwetsa, burashi siponya kutali, zinyalala zimaunjikana pakamwa pa chithumba. Pokhota, khotani motakasuka.

Chithumba chikadzaza, imani, kokani chingwe chokhuthulira muli pampando. Chingwecho musachikulunge padzanja kapena m'chiuno makina akuyenda. Ana amakonda kukwera m'chithumba, akanizeni ndithu. Musadutsitsenso makina pamalo pamene pangotenthedwa zinyalala, chifukwa khala limodzi likhoza kuyatsa chithumba chonse.

Zimene mwasesazo musaotche. Udzu wauwisi ukasakanizidwa ndi masamba ouma, n'kumathiridwa madzi ndi kutembenuzidwa, umasanduka kompositi wabwino wa m'dimba. Udzu wauwisi pawokha umangoterera ndi kununkha.

Kusamala

Tsiku lililonse mukaweruka, khuthulani chithumba, chiume musanachisunge. Yang'anani kumapeto kwa chitsulo chozunguza maburashi, pafupi ndi mawilo, pamene pamakulungika udzu wautali ndi tizingwe ta m'masaka. Dulani ndi mpeni. Kamodzi pachaka chotsani mawilo, mupukute girizi wakale wosakanikirana ndi mchenga, mupake watsopano. Chotsani wilo limodzi, mulibwezere musanagwire linalo, popeza kagiya kakumanzere ndi kakumanja sitisinthana, ndipo m'kati mwake muli kaphini kakang'ono kosachedwa kutayika m'udzu. Mukaona kuti makina akupita kutsogolo koma maburashi ali chiimire, yambani kufufuza pamenepo.

Sungani makina pamthunzi posalowa mvula, chifukwa dzuwa limafumbutsa nsalu ya chithumba. Kwezani maburashi asatsamire pansi, apo ayi amapindika osawongokanso.