Galimoto yanyuwani ndi chikole cha changu

Kalata imene tsamba lino likuyankha yachokera kwa mayi wina wogwira ntchito mu mzinda wa Lilongwe, amene wasunga ndalama kwa zaka zingapo ndipo akuganiza zogula galimoto yatsopano ya mtundu umene ogulitsa amautcha compact SUV, ndiye kuti galimoto yaing'ono yonyamula anthu asanu koma yokwezeka pang'ono kuposa galimoto wamba. Mayiyu akuti kampani yogulitsa yamuuza kuti apereke chikole sabata isanathe chifukwa mtengo ukwera, amuna ake akuti kugula yanyuwani n'kutaya ndalama pamene za kaunjika zochokera ku Japan zili mbwee, ndipo iye akuchita manyazi kubwerera m'mbuyo popeza wogulitsayo wakhala akumuimbira lamya mwaulemu ndi kumulola kuyesa galimotoyo. Chimene akufuna n'chakuti azitha kufika kwa mayi ake kumudzi ngakhale m'dzinja.

Manyaziwo ndi oyenera kuchotsedwa poyamba, chifukwa ulemu wa wogulitsa ndi gawo la ntchito yake, ndipo kuyesa galimoto sikuika ngongole pa munthu. Changu chimene wogulitsa amaika pa chikole chili ndi choonadi chake pang'ono, pakuti galimoto zatsopano zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo pamene kwacha inagwetsedwa mu Novembala 2023, dola imodzi inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 n'kufika pa 1,700, kotero kuti katundu aliyense wowerengeredwa m'madola anakwera tsiku limodzi lokha. Komatu choonadi chomwecho ndicho chifukwa chake mayiyu sayenera kupereka ndalama pa mawu apakamwa. Chikole chimateteza wogula pokhapokha pepala losainidwa litanena mtengo wonse m'makwacha, misonkho ili momwemo, litanenanso ngati galimotoyo ili kale m'dziko muno kapena ikadali panjira, tsiku limene idzaperekedwe, amene adzasenze kusiyana kwa mtengo kwacha ikadzagwanso, ndiponso ngati ndalamazo zidzabwezedwa zonse malonda akalephereka. Wogulitsa amene akukana kulemba zimenezi wayankha kale funso la mayiyu, ndipo wogula amene waona kuti wanyengedwa ali ndi kodandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ngakhale kuti dandaulo lopanda pepala limayenda movutika.

Nkhani ya msewu wakumudzi ikufunika kuilingalira mofatsa, chifukwa maonekedwe a galimotozi amalonjeza zambiri kuposa zimene zili pansi pake. Zambiri mwa izo zimakoka ndi matayala akutsogolo okha, monga momwe imakokera galimoto wamba, ndipo ubwino wake weniweni ndi mpata umene uli pakati pa mimba ya galimoto ndi nthaka. Mpatawo si wofanana: Toyota Corolla Cross, imene imapangidwa ku Durban kuyambira 2021, ili ndi mamilimita pafupifupi 160, pamene Suzuki Grand Vitara yopangidwa ku India ili ndi pafupifupi 210. Kukwezeka kumathandiza pa maenje, pa miyala ndi pa mizere imene malole amasiya, koma pa matope oterera a Januwale galimoto yokoka ndi matayala awiri imatitimira ngati ina iliyonse. Choncho mayiyu ayenera kufunsa mwachindunji ngati imene wasonyezedwayo imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo akapeza kuti ayi, adzifunse ngati maulendo ochepa a m'dzinjawo ndi okwanira kulamulira chisankho cha galimoto imene idzathe masiku ake ambiri pa phula pakati pa nyumba, sukulu ya ana ndi ofesi.

Amuna ake sakulakwa pa masamu, ngakhale kuti sananene zonse. Galimoto yatsopano imatsika mtengo kwambiri m'zaka zake zoyambirira, ndipo imene yayenda kale ku Japan, n'kubwera kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, imafika kutsikako kutalipiridwa kale ndi munthu wina. Koma mtengo woonekera pa intaneti si umene munthu amalipira, chifukwa pamwamba pake pamabwera ndalama ya sitima, ya woiyendetsa kuchokera kudoko, ya wothandiza kuiombola, ndi misonkho ya Malawi Revenue Authority, imene imawerengedwa poyang'ana mtengo, kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Imafikanso yopanda chitsimikizo chilichonse, ndipo zina zimene zimakopa maso zili ndi giya yovuta kukonza: Honda Vezel ya mtundu wa hybrid, yogwiritsa ntchito petulo pamodzi ndi magetsi a batire, inaitanidwanso ndi kampani yake ku Japan mu 2014 chifukwa cha vuto la kayendetsedwe ka giya, ndipo si makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amene angailongosole.

Chimene yanyuwani imagulitsa kwenikweni ndi waranti, ndiye kuti lonjezo la wopanga lakuti adzakonza mwaulere zimene zawonongeka chifukwa cha kapangidwe, kwa zaka kapena makilomita otchulidwa, chimene chayamba kukwana. Lonjezoli lili ndi malire ake, pakuti silikhudza matayala, mabuleki ndi zina zotha ndi ntchito, ndipo kawirikawiri limafa ngati galimoto yasevisidwa kunja kwa galaja yovomerezeka. Mayiyu afunse mtengo wa sevisi iliyonse ya zaka zitatu zoyamba, ndiponso ngati zipangizo zimasungidwa m'dziko muno, chifukwa pamene ndalama zakunja zikusowa waranti ingathe kukhala yoona koma galimoto n'kukhala m'galaja miyezi ikudikira kachitsulo kamodzi.

Chimene kalatayo yangochitchula mongodutsa ndicho cholemera koposa: ndalama zosungidwazo sizikukwana, ndipo zotsalazo zichokera ku banki. Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake choyambira kufika pa 26 peresenti mu 2024, ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Ngongole ya K1,000,000 pa 30 peresenti, yobwezedwa m'zaka zisanu, imafuna pafupifupi K32,000 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza munthu amakhala atabweza pafupifupi kawiri zimene anatenga. Banki imafunanso inshuwalansi yokwanira, imene imalipira kuwonongeka kwa galimoto ya mwiniwake kuwonjezera pa ya ena, ndipo mtengo wake umatsatira mtengo wa galimotoyo chaka ndi chaka. Ziwerengero zimenezi ndi zimene mayiyu ndi amuna ake ayenera kukhalira pansi, chifukwa mkangano wawo pakadali pano ukuoneka kuti ndi wa ulemu, wina akufuna chinthu chakechake chosagwiridwapo ndi munthu, winayo akumva ngati wadutsidwa pa nkhani imene abambo amaiyesa yawo.

Uphungu wa tsamba lino ndi wakuti chikole chisaperekedwe sabata ino. Mayiyu atenge mitengo yolembedwa kuchokera ku makampani awiri kapena atatu, aone payekha zimene banki yake ingapereke asanavomere ngongole yokonzedwa ndi wogulitsa, ndipo ngati zobweza pamwezi, inshuwalansi, mafuta ndi sevisi zikulowerera pa fizi ya ana kapena pa thandizo la mayi ake, ayang'ane galimoto ya zaka zitatu kapena zinayi imene inagulidwa yatsopano m'dziko muno, yokhala ndi buku la sevisi lodindidwa. Yoteroyo aipititse kwa makaniko wosankha yekha, nambala ya chasisi ifanane ndi imene ili m'buku la umwini, ndipo kusintha dzina akachite yekha ku ofesi ya Road Traffic, osadzera mwa madobadoba.