Kodi wokonza zochitika amayambira pati?

Funso: Mtsikana wina wa ku Fonte Boa amakonda nyimbo, ndipo ndiye amaitanira anthu ku zikondwerero za kutchalitchi. Akufunsa ngati zimenezi zingasanduke ntchito.

Yankho: Zingatheke ndithu. Will Jameson ankakonza magule a usiku ku Liverpool, n'kuwatcha Chibuku Shake Shake, dzina la mowa umene anaudziwira ku Malawi. Mu 2004 anachititsa chikondwerero choyamba cha Lake of Stars ku Chintheche. Menes La Plume, mlakatuli wothawa kwawo ku Congo, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini ku Dzaleka mu 2014, anthu n'kumalowa ulere.

Mtsikanayu ayambire kutchalitchi komweko. Aphunzire kuwerengetsa ndalama, kubwereka jenereta ndi zokuzira mawu, komanso kulengeza pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, poti amalonda a ku Ulónguè adzafuna zilankhulo zonse ziwiri.