Anthu 50 pa Kaphiri ka ku Uhud



Ana athu akafunsidwa za nkhondo za nthawi ya Mtumiki Muhammad (SAW), ambiri amathamangira ku Badr. Sitiwanena, nkhaniyo imakoma kuikamba: Asilamu oposa 300 pang'ono, okhala ndi akavalo awiri okha, anagonjetsa Aquraysh pafupifupi 1,000 pa 17 Ramadan, chaka chachiwiri chisamukire ku Madinah. Koma m'kope lino tasankha nkhondo yotsatira, ya Uhud, imene inasiya maliro 70 kumbali ya Asilamu. Tachita dala. Allah mwini wake anaifotokoza nkhondoyi mu Surah Al Imran, ma ayah pafupifupi 60 kuyambira pa 121, ndipo chinthu chimene Qur'an yachikamba motalika chotero sitingachidumphe chifukwa choti chimawawa.

Munali m'mwezi wa Shawwal, chaka chachitatu cha Hijra, chomwe ndi Marichi 625. Abu Sufyan anabwera ndi amuna 3,000 ndi akavalo 200 kudzalipsira anthu awo amene anafera ku Badr. Anamanga misasa pafupi ndi phiri la Uhud, makilomita pafupifupi 5 kumpoto kwa mzikiti wa Mtumiki.

Mtumiki (SAW) anaitanitsa shura. Maganizo ake anali oti Asilamu akhale mumzinda, adani akalowa m'tinjira topanapana ta Madinah awathire nkhondo momwemo. Achikulire ambiri anagwirizana nazo. Koma achinyamata, makamaka amene sanakhale nawo ku Badr, anaumirira zokakumana ndi adani poyera, ndipo mawu awo ndi amene anachuluka. Mtumiki analowa m'nyumba n'kuvala zovala zankhondo. Potuluka anapeza anthu aja akudandaula kuti mwina amukakamiza, namuuza kuti achite zimene iye ankafuna poyamba. Anakana. Anawauza kuti Mneneri akavala zankhondo savulanso mpaka Allah ataweruza pakati pa iye ndi adani ake.

Apa tiime pang'ono, chifukwa pali munthu wina amene maganizo ake anali ofanana ndi a Mtumiki: Abdullah ibn Ubayy, mtsogoleri wa achiphamaso. Nayenso ankafuna zokhala mumzinda. Onse awiri maganizo awo sanatsatidwe. Mtumiki anatsogolera anthu 1,000 kupita kumene iye sanasankhe. Ibn Ubayy anayenda nawo mpaka pakati panjira, kenako n'kubwerera ndi anthu 300, ati chifukwa Mtumiki wamvera ana n'kunyoza mawu ake. Anatsala 700 kuti akayang'anizane ndi 3,000.

Tonsefe timadziwa kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Povuta ndi pamene mitu inayo yagwirizana zosiyana ndi zathu. Msonkhano wa makolo ukagamula kuti ndalama ziyambe zakonza zimbudzi, ife tinkafuna mpanda, timaperekabe chopereka chathu kapena timayamba kusowa? Komiti ikasankha njira imene ife tinaitsutsa, timagwira nawo ntchito kapena timakhala chapatali kudikira kuti zikanike, tidzanene kuti tinanena ife? Achiphamaso aja ananenadi choncho nkhondo itatha, kuti ophedwawo akanawamvera sakanafa, ndipo Qur'an inawadzudzula pa ayah 168.

Ophunzira akondwa kumva kuti pagululo panali amsinkhu wawo. Mtumiki anabweza anyamata angapo chifukwa cha kuchepa, mmodzi mwa iwo Abdullah ibn Umar, amene anali ndi zaka 14. Rafi ibn Khadij analoledwa chifukwa anali katswiri pa uta. Mnzake Samura ibn Jundub anadandaula kuti iye amamugwetsa Rafi pogwetsana. Anawagwetsanitsa, Samura anapambana, naye n'kuloledwa.

Atafika, Mtumiki anaimika asilikali ake phiri la Uhud lili kumbuyo kwawo. Panali mpata umodzi umene okwera pa akavalo akanadzera n'kuwazinga. Pa kaphiri koyang'ana mpatawo, kamene lero amakatcha Jabal al-Rumah, anaikapo oponya mivi 50 motsogozedwa ndi Abdullah ibn Jubayr (RA). Lamulo linali lomveka bwino: asachoke pamalopo, kaya aona anzawo akupambana, kaya aona akuphedwa, mpaka iye atawatumizira uthenga.

Nkhondo inayamba bwino kwambiri. Onyamula mbendera ya Aquraysh anagwa mmodzimmodzi, okwera pa akavalo a Khalid ibn al-Walid anayesa kudzera pampata paja koma mivi inawabweza, ndipo gulu la ku Makkah linayamba kuthawa. Asilamu anayamba kutola katundu amene adani anasiya. Oponya mivi aja ankaona zonsezi ali pamwamba. Anayamba kuuzana kuti nkhondo yatha, tikudikiranso chiyani? Ibn Jubayr anawakumbutsa mawu a Mtumiki, koma pafupifupi 40 anatsika. Khalid anaona. Anazungulira ndi akavalo ake, napha Ibn Jubayr ndi anzake ochepa amene anatsala, n'kuwagwera Asilamu kumbuyo. Othawa aja anabwerera. M'kanthawi kochepa chipambano chinasanduka chisokonezo, mpaka Asilamu ena anapha mnzawo, al-Yaman, bambo ake a Hudhayfah, osamuzindikira.

Tisamale pokamba za anthu 40 amenewa. Anali Maswahaba, sanabwerere ndi Ibn Ubayy, ndipo pamene nkhondo inali yotentha anaima nji. Anachoka pamene zinthu zinkaoneka kuti zayenda. Ife tikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya Uhud. Pa nthawi yovuta munthu amakhala tcheru, amapempha Allah, amamvera malangizo. Zikayamba kukoma, lamulo lomwe lija limaoneka ngati latha ntchito. Wophunzira wa Folomu 4 amene wakhoza bwino mayeso oyeserera n'kuyamba kujomba pulepu watsika pa kaphiri. Amene anasunga Swala zisanu m'mwezi wa Ramadan n'kusowa pa Fajr tsiku lotsatira Eid watsikanso. Komiti imene inkalemba tambala iliyonse pomanga mzikiti, n'kuleka kusunga malisiti malata atakhomedwa, nayonso yasiya mpata, ndipo amene adzalowere pamenepo sadzayamba wagogoda.

Tionenso kuti amene analipira si okhawo amene anatsika. Ibn Jubayr anamvera, koma anafa. Hamza (RA), m'bale wa bambo ake a Mtumiki, anaphedwa tsiku lomwelo ndi mkondo wa Wahshi. Mtumiki mwiniwake anavulala kumaso, dzino linathyoka, ndipo tizitsulo ta chisoti tinalowa m'tsaya mwake. Abu Ubaydah anatizula ndi mano mpaka mano ake awiri anaguluka. Malo amene munthu wapatsidwa kuti alondere amateteza anthu ena amene mwina sakumuona n'komwe.

Mus'ab ibn Umayr (RA), wonyamula mbendera ya Asilamu, ataphedwa, mfuu inamveka yoti Muhammad waphedwa. Ena anathawira ku Madinah, ena anakhala pansi manja ali lende. Anas ibn al-Nadr anawapeza ali choncho, nawauza kuti adzuke akafere chimene Mtumiki wafera. Iye analowa pakati pa adani. Mtembo wake unapezeka ndi mabala oposa 80, ndipo mlongo wake anamuzindikira ndi nsonga za zala. Ayah 144 inadzatsika kukumbutsa kuti Muhammad ndi Mtumiki, atumiki ena anapita iye asanabwere, ndipo imfa yake singakhale chifukwa chobwerera m'mbuyo. Ngati zili choncho ndi Mtumiki, nanga sheikh akasamutsidwa, kapena mphunzitsi amene timamukonda akachoka pasukulu? Tawaonapo ana akusiya madrasa pa chifukwa chimenechi. Ndipo nkhani ija inali yabodza. Masiku ano mfuu yotere imayenda pa WhatsApp, ndipo amene amaitumiza kwa ena asanafufuze amagwetsa anthu mphwayi chimodzimodzi.

Atsikana athu adziwe dzina la Nusaybah bint Ka'b (RA). Anabwera ndi thumba lachikopa kudzamwetsa ovulala, koma anthu atabalalika anatenga lupanga n'kuima pafupi ndi Mtumiki, ndipo anatemedwa bala lalikulu paphewa. Fatimah (RA) ndi amene anatsuka bala la bambo ake. Magazi atakana kuleka, anawotcha chidutswa cha mphasa n'kuthirapo phulusa.

Tsopano timve zimene Allah ananena kwa olakwa aja. Ayah 152 sinabise kanthu: inatchula kufooka, kukangana ndi kusamvera, inatinso ena mwa iwo ankafuna za dziko lapansi. Koma ayah yomweyo ikutha ndi chikhululuko. Ayah 159 ikuyamikira kufatsa kwa Mtumiki pa anthu ake, ndipo ikumulamula kuti awakhululukire, awapemphere chikhululuko, komanso apitirize kuwafunsa maganizo. Ganizirani: shura ndi imene inawatulutsa mumzinda, anthu 70 aikidwa m'manda, ndipo lamulo likubwera loti afunsenso anthu omwewo. Ife makolo ndi aphunzitsi pano timalephera kawirikawiri. Mwana akalakwa kamodzi timamumata dzina, chaka chonse n'kumamukumbutsa. Timanena kuti tikumuwongola, koma iye amangophunzira kubisa. Cholakwa chitchulidwe ndi dzina lake monga inachitira Qur'an, chilango chikhalepo ngati chikufunika, kenako mwanayo abwerere pamzere ndi anzake n'kupatsidwanso udindo.

Tinenenso mawu amodzi kwa anyamata amene mitima imatentha akamva nkhani za malupanga. Nkhondo imeneyi inamenyedwa pakhomo pa Madinah, poteteza mzinda umene adani anaulondola, ndipo anailamula ndi Mtumiki wa Allah. Munthu amene angakutumizireni nkhani zimenezi pa foni pofuna kuti mudane ndi anansi anu achipembedzo china, kapena kuti muchite chiwawa, akufuna kukuchotsani pamalo panu. Kauzeni makolo kapena sheikh.

Mus'ab uja, amene ali mnyamata ku Makkah ankadziwika ndi zovala zapamwamba, anaikidwa ndi nsalu imodzi yaifupi: akaphimba kumutu mapazi ankaonekera, akaphimba mapazi mutu unkaonekera. Mtumiki anati aphimbe kumutu, kumapaziko aikeko udzu. M'mawa mwake Mtumiki anaitana anthu kuti atsatire Aquraysh, ndipo analola amene anali ku Uhud dzulo lake. Ananyamuka ndi mabala awo mpaka ku Hamra al-Asad, makilomita pafupifupi 13 kuchokera ku Madinah, nakoleza moto wambiri usiku. Abu Sufyan, amene ankaganiza zobwerera kudzamaliza mzindawo, atamva anapitirira ulendo wa ku Makkah.

Khalid ibn al-Walid analowa Chisilamu m'chaka cha 629, ndipo Mtumiki anamutcha Lupanga la Allah. Wahshi nayenso analowa Chisilamu, ndipo mkondo womwe unapha Hamza ndi umene unalasa Musaylimah, mneneri wonyenga, pa nkhondo ya Yamamah.

Ophunzira a Folomu 3 ndi 4 awerenge Surah Al Imran, ayah 121 mpaka 175, pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa, lisanafike tsiku la Jumu'ah likudzali. Makolo amene angathe akhale nawo pansi pambuyo pa Maghrib. M'kope lotsatira, Insha Allah, tidzakamba za ngalande ya Salman al-Farisi.