Kangolo Konyamulira Bwato: Mafunso ndi Mayankho kwa Asodzi a kwa Mwape

Aliyense wokhala m'mbali mwa Luangwa, m'dziko la Mfumu Mwape m'boma la Nyimba, akudziwa kuti mtsinjewu sukhala malo amodzi. M'dzinja umasefukira mpaka m'madimba, koma pofika Okutobala umathawira kutali n'kusiya mchenga wotentha. Doko likasamuka, bwato nalo liyenera kusamuka. Mafunso ali m'munsimu ndi amene msodzi angafunse asanayambe kukhoma kangolo kakekake.

Makolo athu ankangolikoka pansi. Kangolo n'kachiyani lero?

Makolo athu anali ndi mitengo ikuluikulu pafupi. Bwato likang'aluka, ankalowa m'thengo n'kusema lina. Lero mtengo wokwana bwato mumaupeza patali, ndipo lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo musanaugwetse. Tembenuzani bwato lanu muone kumimba kwake: mizere yoyera ija ndi thabwa limene linatsala pamchenga ndi pamiyala. Ulendo uliwonse wolikoka umalipepula, mpaka tsiku lina madzi ayamba kuchucha mukadali pakati pa ng'ona ndi mvuu. Kangolo kamasunga bwato, kamasunganso msana wa mwini wake.

Bwanji osangobwereka ngolo ya ng'ombe?

Kuchigwa kuno kashembe salola ng'ombe kuchuluka, choncho ngolo n'zosowa. Komanso njira zopita kudoko n'zopapatiza. Chofunika ndi kangolo ka mawilo awiri kokoka ndi manja.

Ndisonkhanitse zipangizo zanji?

Mawilo awiri ofanana, chitsulo chozungulira cholowa pakati pa mawilowo, matabwa awiri olimba otalika pafupifupi mita imodzi, timatabwa tiwiri topingasa, mabawuti, mawashala ndi misomali, tayala lakutha, malegeni a chubu chakale, chingwe cholimba ndi girisi. Pogula chitsulocho kwa owotcherera ku Nyimba kapena ku Petauke, nyamulani wilo limodzi muliyesere pomwepo. Chitsulo chogwedera m'bowo chimadya mabelingi msanga.

Mawilo a njinga alipo kale pakhomo. Sangagwire ntchito?

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Wilo la njinga linapangidwa kuti lisenze katundu wotsika molunjika. Kangolo kakapendekeka pamtsetse, kulemera kumakankhira chammbali, masipoko amathyoka, wilo n'kupindika ngati lichero. Ndi lopyapyalanso, moti pamchenga limangodzikwirira. Mawilo a wilibala opopa mpweya ndiwo abwino, chifukwa ndi aafupi ndiponso otambalala. A njinga yamoto yakutha amachitanso bwino pabwato lolemera. Mukafika pamchenga wofewa, phwetsani mpweya pang'ono kuti tayala liphwanthike n'kuponda malo aakulu. Mukabwerera panjira youma, popaninso, poti tayala lofewa limabooka msanga ndi minga.

Nanga kakhomedwe kake n'kotani?

Yambani ndi kuyeza bwato pamene lili lotambalala kwambiri. Mawilo atalikirane kuposa pamenepo ndi chikhatho chimodzi mbali iliyonse, kuti asamakhule bwato ndiponso kangolo kasagubuduke. Gonekani matabwa aatali aja moyandikana, musiye mpata pakati, muwalumikize ndi opingasa kutsogolo ndi kumbuyo. Mangani ndi mabawuti, chifukwa misomali imazuka ndi kugwedezeka. Chitsulo cha mawilo chidutse pansi, pakati penipeni, chogwidwa ndi tizitsulo topinda. Kunja kwa wilo lililonse ikani washala, kenako boolani chitsulo mulowetse msomali n'kuupinda.

Pamwamba pa matabwa opingasa semani mphako yotsata mimba ya bwato lanu, kuti likhale ngati mphika pankhata. Dulani tayala lakutha mukhomere m'mphakomo. Mitu ya misomali imire mumphira, isakhudze bwato. Posankha matabwa, mtengo wa tsanya ndi wolimba ndipo chiswe chimauopa, koma ndi wolemera komanso wouma mutu pokhoma. Boolani kaye musanalowetse bawuti. Kangolo kakhale kafupi, pakuti kakatalika kamagwa msanga ndipo kukweza bwato kumavuta.

Bwato likhale pati pakangolo?

Chinsinsi chonse chagona apa. Ikani chipika chozungulira pansi, kwezani bwato pamwamba, muzilisuntha pang'onopang'ono mpaka mutu ndi mchira zonse zitalenjekeka, osagunda pansi. Pamenepo lembani mzere ndi khala mbali zonse ziwiri. Pokweza pakangolo, mawilo akhale kumbuyo kwa mzerewo pang'ono chabe, ngati chikhatho chimodzi. Mukatero, kutsogolo kumalemera pang'ono m'manja mwanu ndipo bwato silinyamuka mutu mwadzidzidzi. Mukamva mapewa akuwawa, mawilo ali kumbuyo kwambiri, asunthireni kutsogolo.

Mangani ndi chingwe malo awiri, kenako kulungani malegeni kuti lisatsetsereke. Musananyamule, kapani madzi onse. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye kuti chidebe cha malita 20 chotsalira m'bwato ndi makilogalamu 20, ndipo madziwo amathamangira kumutu mukayamba kutsika.

Potsetsereka pagombe ndichite bwanji?

Magombe a Luangwa ndi ophompheka ndipo madzi amawafukula kunsi. Yendani kaye wapansi muone ngati dothi silinang'ambike. Munthu asaime kumunsi kwa bwato, makamaka mwana. Nonse khalani kumtunda, chingwe muchizungulize pamtengo n'kumachimasula pang'onopang'ono. Konzani miyala iwiri yotsekera mawilo. Pofika m'mphepete mwa madzi musachedwe, chifukwa ng'ona imazolowera malo amene anthu amaimaima.

Ndingakasamale bwanji kuti kakhalitse?

Mdani wake ndi mchenga ndi madzi. Tsitsani bwato mawilo asanamire. Mukamva kukukuta m'wilo ngati mano atafuna mchenga m'nsima, chotsani wilolo, tsukani ndi parafini, pakani girisi watsopano. Kasungeni pamthunzi, pamwamba pa njerwa, poti dzuwa la chigwa limang'amba mphira.

Nthawi yabwino yopangira ndi iti?

Boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Miyezi imeneyi ndi yomwe mtsinje umadzaza n'kukokolola mabwato osiyidwa padoko. Malizani kangolo mvula isanayambe, mukokere bwato kumtunda, mulivundikire pamthunzi n'kumata ming'alu mosathamanga.

Ndalama za mawilo ndilibe. Ndisiye?

Ayi. Bwato silisamuka tsiku lililonse, choncho kangolo kamodzi kangakwanire doko lonse. Sonkherani anthu anayi kapena asanu, mugwirizane pamaso pa a nyakwawa za wokasunga ndi wogula girisi. Mphako muiseme motsata bwato lalikulu kwambiri. Laling'ono mudzalitsamiritsa ndi masaka. Masiku amene mabwato ali pamadzi, kangolo komweko kadzatuta zigubu za madzi, nkhuni ndi matumba a chimanga kupita kuchigayo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bwato la mtengo limalemera kuposa denga.