Galimoto kapena sitima ku Switzerland?

Funso: Ndikupita kutchuthi ku Switzerland. Kodi ndichite hayala galimoto kapena ndiziyenda pasitima kuti ndione malo ambiri?

Yankho: Kwerani sitima. Tikiti ya Swiss Travel Pass imagwira ntchito pasitima, m'mabasi ndi m'maboti apanyanja, ndipo ku Zermatt galimoto za alendo siziloledwa, zimatsala ku Täsch. Komanso ku Switzerland amayendetsa kumanja pomwe ife tinazolowera kumanzere, choncho maso anu adzathera pamsewu wokhotakhota osati pamapiri omwe mwapitira. Ena amati galimoto imalola munthu kuima paliponse. N'zoona, koma mabasi achikasu a PostBus amafika ngakhale kumidzi yakutali, ndipo nthawi zawo zimagwirizana ndi za sitima. Galimoto imapindulitsa pokhapokha ngati muli gulu logawana mtengo. Ngati muli nokha kapena awiri, sankhani sitima.